Magetsi sadziwa kuti chipinda ichi n'cha wantchito

Pali bodza limene lazika mizu m'nyumba za mabwana ndi m'mafamu, ndipo ena mwa inu mwayamba kulikhulupirira. Bodzalo likuti malamulo a kayalidwe ka mawaya a magetsi adalembedwera nyumba yaikulu yokha, pamene chipinda cha kuseri kwa galaja ndi nyumba za pakomboni zingalandire magetsi mwa njira iliyonse, bola babu liyake. Ine ndikukana. Palibe ndime ya lamulo imene imapatula chipinda cha wantchito. Waya woyalidwa mosasamala m'mbali mwa paipi ya madzi kapena pafupi ndi botolo la gasi si mphatso yoti muthokozere. Ndi ndalama imene mwini malo wasunga m'thumba mwake, chikole chake chili moyo wanu.

Mukaweruka lero, musanatsegule chitseko, tsatirani ndi maso waya amene amabweretsa magetsi m'chipinda mwanu. Ambiri mupeza kuti wachokera pa soketi ya m'galaja kapena ya m'khitchini, watulukira pa zenera, wamangiriridwa ku paipi ya madzi ndi tizingwe, wadutsa pamphepete pakuthwa pa lata, n'kulowa m'chipinda mwanu pabowo lomwe lija mudalowa paipi ya pa sinki. A pa famu mupeza kuti waya wopita ku pampu ya pa chitsime ndi paipi ya mthirira zidagonekedwa mu ngalande imodzi yosazama, n'kukwiriridwa popanda chizindikiro. Mukatero mulowe m'nyumba yaikulu imene mumasesa tsiku ndi tsiku. Kumeneko mawaya ali m'mapaipi awoawo mkati mwa khoma, bokosi la magetsi lili ndi chitseko, swichi iliyonse yalembedwa dzina. Mwini malo ndi mmodzi, mita ndi imodzi, koma miyezo ndi iwiri. Ndiye kuti njira yoyenera amaidziwa bwino lomwe. Adangoona kuti inu simukuyenera njirayo.

Chimene lamulo limanena

Nditenga chitsanzo cha South Africa, kumene ambiri a inu mukugwira ntchito. Lamulo lalikulu la chitetezo pa ntchito kumeneko ndi Occupational Health and Safety Act la m'chaka cha 1993. Pansi pake pali Electrical Installation Regulations a m'chaka cha 2009, ndipo kayalidwe ka mawaya m'nyumba kamatsata buku la miyezo lotchedwa SANS 10142-1. Malamulowa amati mwini malo, kapena wochititsa lendi, akhale ndi chikalata chotchedwa Certificate of Compliance, chimene anthu amangochitchula kuti CoC, chosainidwa ndi katswiri wa magetsi wolembetsedwa ku Department of Employment and Labour. Akawonjezera waya watsopano, monga wopita ku chipinda chanu, gawo latsopanolo limafunanso chikalata chake. Nyumba ikamagulitsidwa, CoC yake isakhale yopitirira zaka ziwiri.

Nanga miyezoyo imati chiyani za magetsi ndi madzi? Masoketi atetezedwe ndi kachipangizo kotchedwa earth leakage, kamene kamadula magetsi akangoyamba kutayikira kunja kwa waya pa mlingo wa ma milliamp 30. Mapaipi achitsulo a madzi otentha ndi ozizira a pa giza alumikizidwe pamodzi ndi waya wamkuwa, n'kulumikizidwa ku waya wa earth, uja wobiriwira ndi wachikasu. Bokosi la magetsi lisaikidwe pamwamba pa sitovu kapena mkati mwa mita imodzi kuchokera pa mpope wa m'chipinda chomwecho, pokhapokha litakhala la mtundu wosalowa madzi. Waya wosavekedwa chitsulo akakwiriridwa pansi, azame theka la mita kapena atetezedwe ndi paipi yakeyake. Chingwe chofewa chija cha ekisitenshoni adachipangira wailesi ndi ketulo. Sichiloledwa kukhala waya wokhazikika wa nyumba.

Gasi alinso ndi buku lake, SANS 10087-1. Botolo la gasi loikidwa panja litalikire chitseko kapena zenera ndi mita imodzi, dzenje la madzi oipa ndi mamita 2, ndipo swichi kapena injini ya magetsi ndi mamita 5. Likaikidwa m'kabati, kabatiyo ikhale yopita mphepo ndipo mkati mwake musakhale soketi kapena swichi.

Ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Mozambique maina a mabungwe ndi a zikalata ndi ena, koma mfundo yake ndi yomweyi, pakuti khungu la munthu ndi lofanana kulikonse.

Chifukwa chake adalemba chotere

Ena amati malamulowa ndi chintchito chabe cha m'maofesi. Tiyeni tiwayese mmodzimmodzi, tione ngati pali lina lopanda chifukwa.

Magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 230, ndipo nthawi zonse amafuna njira yopitira m'nthaka. Madzi, chitsulo ndi thupi lonyowa ndi njira zimene amazikonda. Milliamp imodzi yokha munthu amaimva ngati kunyerenyesa. Akafika pa 10 kapena 15, minofu ya dzanja imakungika, munthu n'kulephera kusiya chimene wagwira. Akapitirira 30 n'kukhalitsa m'thupi, mtima ungathe kusokonezeka kagundidwe kake. Tsono swichi wamba ya m'bokosi, ija yolembedwa 20, imadikira ma amp 20, kutanthauza ma milliamp 20,000, isanagwe. Ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asapse, osati kuteteza inu. Munthu angathe kufa ali chigwirire mpope swichi imeneyo osagwedezeka n'komwe. N'chifukwa chake pali earth leakage. Chipinda chimene magetsi ake sadutsira pa kachipangizo kameneka chilibe mlonda.

Lingalirani za giza. Mkati mwake muli chitsulo chotenthetsa madzi, ndipo chikakalamba chimang'aluka, magetsi n'kulowa m'madzi ndi m'thupi la gizayo. Ngati mapaipi adalumikizidwa ku earth monga lamulo linenera, magetsi otayikawo amathawira m'waya, swichi n'kugwa, vuto n'kudziwika. Ngati sadalumikizidwe, amayenda m'paipi mpaka pa mpope, n'kudikira pamenepo. Amene amafika ndi manja onyowa, ataponda simenti yonyowa wopanda nsapato, ndani? Si amene adakana kulipira katswiri. Ndi amene amachapa, amatsuka mbale, amasambitsa ana. Kunyerenyesa kumene mumamva pa mpope wa shawa si khalidwe la mpopewo. Ndi chenjezo, ndipo machenjezo oterewa sabwera kambirimbiri.

Lingaliraninso za waya womangiriridwa ku paipi. Pulasitiki yokuta waya wamba adaipanga kuti ipirire kutentha kwa madigiri 70, ndipo waya akamanyamula magetsi amatentha kale payekha. Madzi a m'giza amakhala pafupifupi madigiri 60. Muziphatikize ziwirizi, dzuwa la chilimwe lizimenya pamwamba, chaka ndi chaka: pulasitiki imauma, imasweka, mkuwa n'kukhudza chitsulo cha paipi. Paipi ikayamba kudontha, madzi amatsata waya mpaka m'soketi. Waya wodutsa pa lata lakuthwa amachekedwa pang'onopang'ono ndi mphepo, mpaka tsiku lina denga lonse, ndi waya woyanikapo zovala womangiriridwa ku dengalo, zili ndi magetsi.

Pa famu ngozi imabisala m'nthaka. Paipi ya mthirira ikaphulika, kapitawo satuma katswiri wa magetsi. Amatuma inu, ndi khasu kapena piki, kukakumba m'matope. Ngati waya adagonekedwa limodzi ndi paipiyo, wosazama ndi wosatetezedwa, chitsulo cha piki chimamupeza musanamuone, miyendo yanu ili m'madzi. Kulekanitsa waya ndi paipi, kuzamitsa ngalande, kuyala chizindikiro pamwamba pake: zonsezi adaziganizira poteteza munthu wokumba. Wokumbayo ndinu.

Gasi wa m'mabotolo ndi wolemera kuposa mpweya. Akatayika sauluka, amayenderera pansi ngati madzi n'kudikha m'makona ndi m'maenje. Akafika magawo awiri okha pa magawo 100 alionse a mpweya, kamoto kakang'ono kamene kamathetheka mkati mwa swichi, kapena furiji ikamadzilizira yokha usiku, n'kokwanira kuyatsa chipinda chonse. Ndipo chipinda chanu ndi chimodzi: bedi, sitovu, botolo la gasi ndi soketi zili motalikirana mikono iwiri, zenera lili ndi zitsulo, chitseko ndi chimodzi. Kunena zoona, malamulowa amafunika kwambiri m'chipinda chanu kuposa m'nyumba yaikulu, kumene khitchini ili kutali ndi kogona.

Zimene adzakuuzani

Adzati: "Kodi si bwino kukhala ndi magetsi oterewa kusiyana ndi kukhala mu mdima?" Funsoli ndi msampha, chifukwa likubisa njira yachitatu. Pali mdima, pali waya wakupha, komanso pali waya woyalidwa bwino, wonga wa m'nyumba mwawo. Amene akukuuzani kuti musankhe pakati pa ziwiri zoyambazo adadzisankhira yekha chachitatu.

Adzati: "Chipindacho mumakhala ulere." Kawirikawiri si zoona. Lamulo la antchito a m'nyumba, Sectoral Determination 7, limalola bwana kudula mpaka 10 peresenti ya malipiro anu chifukwa cha malo ogona, pokhapokha chipindacho chili chosadontha, chosamalika, chokhala ndi zenera ndi chitseko chokhomeka. La antchito a m'mafamu, Sectoral Determination 13, limalolanso 10 peresenti, koma nyumbayo ikhale ya denga lolimba, ya mawindo a magalasi otseguka, yosachepera masikweya mita 30, madzi abwino ali pafupi, ndiponso yokhala ndi magetsi mkati ngati pa famupo magetsi alipo. Onani pa pepala lanu la malipiro. Ngati akudula, mukulipira lendi. Ndipo ngakhale asadule, mumagona pamenepo chifukwa iwo amafuna kuti tambala akamalira mukhale mutayamba kale ntchito. Chipindacho chimapindulira iwo.

Adzati: "Katswiri ndi wodula." Inde, amalipiritsa. Koma pakhomo pomwepo pali mpanda wa magetsi, geti yotseguka yokha, pampu ya dziwe losambira, ndipo zonsezi adaitanira akatswiri. Pa famu, nyumba yozizira yosungiramo mphesa kapena malalanje otumizidwa kunja imayenderedwa ndi kuyezedwa, chifukwa ogula a ku Ulaya amafunsa. Ndalama yoteteza katundu imapezeka. Imasowa pokhapokha pofunika kuteteza wantchito. Ndipo mtengo wa ngozi saulipira iwo. Inu nonse mukudziwa mmene timasonkherana pa magulu a WhatsApp kuti maliro a mnzathu anyamulidwe kuchoka ku Johannesburg kapena ku Cape Town kukafika ku Mangochi, ku Mzimba, ku Chipata kapena ku Angonia. Mtengo umenewo ndi wathu.

Adzati: "Antchitowo ndi amene amadzilumikizira okha." Izi zimachitikadi, ndipo ndibwerakonso. Koma funsani kuti zimayamba bwanji. Banja la anthu asanu likapatsidwa soketi imodzi, lidzalumikiza ekisitenshoni pa ekisitenshoni. Nyumba khumi za pakomboni zikadyetsedwa ndi waya mmodzi woonda, swichi idzagwa madzulo aliwonse mpaka wina adzaimanga kuti isagwenso. Amene adayala waya wosakwanira ndiye adabzala mbewu. Asadabwe ndi zokolola.

Zimene tiyenera kuuzana tokha

Tsono ndilankhule ndi inu, abale ndi alongo, pa zimene zili m'manja mwathu.

Choyamba, tileke kutcha imfa zoterezi tsoka. Munthu akagwidwa ndi magetsi pa mpope, pamaliro pamamveka mawu akuti nthawi yake idakwana, kapena manong'onong'o akuti alipo wina kumudzi amene adamuchitira nsanje. Mawu amenewa amatonthoza, koma amamasulanso wolakwa. Waya amene adapha mnzathuyo amatsala pomwepo, ndipo sabata yotsatira m'chipindamo mumalowa wantchito wina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chachiwiri, inu abambo a m'maluwa ndi a m'mafamu, amene manja anu amadziwa kukonza chilichonse: bwana akakuuzani kuti mukokere waya ku chipinda chatsopano, akukuyamikirani ndi pakamwa koma akukusenzetsani mlandu. Kuyatsa babu n'kosavuta. Chovuta ndi chimene sichioneka ndi maso: ngati earth ndi yolumikizika kuyambira ku bokosi mpaka ku soketi yomaliza, ngati waya ndi wonenepa mokwanira, ngati earth leakage ikugwa pa mlingo wake. Izi amaziyeza ndi zipangizo. Lamulo limati ntchito yotere iyang'aniridwe ndi munthu wolembetsedwa. Zikadzavuta, bwana adzati sadadziwe, ndipo dzina limene lidzatchulidwe ndi lanu.

Chachitatu, earth leakage ikamagwaigwa, musalole kuti wina aichotse kapena ailambalale ndi kawaya. Galu akamauwa usiku sitimupha kuti tigone. Timatuluka kukaona chimene chili pabwalo.

Mapazi anu ali pa nthaka yolimba

Ndikudziwa chimene chimatseka pakamwa: mantha a kuchotsedwa ntchito, kutaya pogona tsiku lomwelo, ndiponso, kwa ena, nkhani ya mapepala. Mantha amenewa ndi enieni. Koma dziwani pamene lamulo laima.

Ndime 8 ya lamulo la 1993 lija imalamula wolemba ntchito kuti malo a ntchito akhale osaopseza moyo. Ndime 14 imati wantchito akaona choopsa anene. Choncho mukadandaula simukuchita mwano, mukukwaniritsa lamulo. Ndime 23 imaletsa kukulipiritsani zinthu za chitetezo zimene bwana ayenera kupereka. Ndime 26 imaletsa kuchotsa ntchito kapena kudula malipiro a munthu chifukwa chouza woyendera wa boma zimene zikuchitika.

M'chaka cha 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khoti la Labour Court lidagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito si chovomerezeka ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo la ntchito, ndipo angathe kukasuma ku CCMA. Mukachotsedwa mopanda chilungamo, muli ndi masiku 30 okapereka dandaulo.

M'chaka cha 2017, Constitutional Court idaweruza mlandu wa Yolanda Daniels, wantchito wa m'nyumba amene ankakhala pa famu ina ku Stellenbosch. Iye ankafuna kusalaza pansi pa nyumba yake, kulowetsa madzi mkati, kuika zenera lachiwiri ndi siling'i, ndi ndalama zake zomwe, koma eni famu adakana. Khoti lidati munthu wokhala pa famu ali ndi ufulu wokonza nyumba yake kuti ifike pa mlingo woyenera ulemu wa munthu, atakambirana ndi mwini malo, ndipo mwini maloyo sangangomuletsa.

Pa 19 Novembala 2020, khoti lomwelo lidagamula mlandu wa Sylvia Mahlangu, amene mayi ake, Maria Mahlangu, adamira m'dziwe losambira la mabwana awo ku Pretoria m'chaka cha 2012, atawagwirira ntchito zaka 22. Kufikira nthawi imeneyo antchito a m'nyumba ankasalidwa pa lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pa ntchito, lotchedwa COIDA. Khoti lidati kusalako n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Lero wantchito wa m'nyumba akavulala kapena kufa pa ntchito, iye kapena banja lake angathe kupempha chipukutamisozi, ndipo bwana ayenera kumulembetsa. Amayi awiriwa sadali olemera kapena ophunzira za malamulo. Adangokana kukhala chete, ndipo adapeza owagwira dzanja.

Choti muchite

Jambulani zithunzi za wayayo pa foni: pamene wachokera, pamene wakhudzana ndi paipi, pamene wadutsa pa lata. Pa earth leakage pali kabatani koyesera. Mutadziwitsa eni nyumba, kadinikizeni, muone ngati magetsi a m'chipinda mwanu azima limodzi ndi ena. Akapanda kuzima, chipinda chanu sichikutetezedwa. Lembani dandaulo lanu pa uthenga wa pa foni, mwaulemu ndi mwachidule, kuti pakhale umboni wa tsiku limene mudanena. Funsani funso limodzi ili: kodi CoC ya nyumba ino ikuphatikizapo chipinda changa? Akakana kukonza, pitani ku labour centre ya m'dera lanu, kapena yambani mwafunsa mabungwe monga SADSAWU, Izwi Domestic Workers Alliance, Women on Farms Project kapena CSAAWU. Pa famu musapite nokhanokha; mutu umodzi susenza denga, ndipo n'kovuta kuthamangitsa komboni yonse nthawi yokolola.

Podikira zimenezo, chotsani botolo la gasi pafupi ndi soketi. Mukamva fungo la gasi musakhudze swichi iliyonse: tsekani botolo, tsegulani chitseko, tulukani. Mpope wonyerenyesa musaugwirenso kufikira atauyeza. Mnzanu akagwidwa ndi magetsi musamugwire ndi manja. Thimitsani swichi yaikulu kapena mukankheni ndi mtengo wouma, kenaka imbani 112 pa foni ya m'manja.

Amene amati malamulo a mawaya ndi ovuta kwambiri kuti awatsate pa chipinda cha wantchito akhala akuwatsata mosaphonya pa chipinda cha ana awo. Simukupempha chachilendo, simukupempha chifundo. Mukupempha kuti muyezo umene udayezera nyumba yaikulu uwoloke bwalo, ufike pakhomo panu. Mudachoka kwanu kuti ana adye ndi kuphunzira, ndipo akuyembekezera kuti mudzabwerera mukuyenda ndi miyendo yanu. Funsani za CoC sabata ino.